Nkhope ya amayi inathera mumthunzi wa duku

 Pepani ndakhala chete nthawi yaitali, mapepala a mayeso anandikwirira.

Sabata yatha mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa sayansi zaka zapitazo anandiimbira ali ku Lilongwe. Akuti wagula foni yatsopano ya maso atatu kumbuyo, ndipo pa Khirisimasi akubwera kuno ku Kabwazi kudzajambula banja lonse agogo ake akadali ndi moyo. Funso lake linali lakuti, "Aphunzitsi, paja inu mumajambula m'maukwati. Ine ndiyambire pati?" Mayunitsi anamuthera ndisanafike ndi pakati pomwe, choncho ndati yankho lonse ndililembe pano kuti ena amve nawo. Ine si katswiri ayi. Ndine mphunzitsi chabe amene amabwerekedwa Loweruka kukajambula pa chinkhoswe, malipiro ake mbale ya mpunga ndi ntchafu ya nkhuku. Koma zochepa zomwe ndikudziwazi ndinazigula modula, ndipo ndiyamba ndi kukuuzani mmene ndinalipirira.

Chaka cha 2008 ndinali nditangoyamba kumene ntchito. Ndinadzimana miyezi itatu n'kugula kakamera ka dijito, kaja kodya mabatire ngati mbuzi pa gaga. Chaka chomwecho, mu Meyi, ku South Africa kunabuka ziwawa zothamangitsa anthu obwera. Zinayambira ku Alexandra mu Johannesburg, ndipo anthu oposa 60 anaphedwa. Achimwene anga aakulu, amene ankagwira ntchito yosamalira maluwa kumeneko, anabwerera kumudzi ndi kachikwama kamodzi basi. Tsoka lawolo linatibweretsera mwayi wina: pa Khirisimasi ya chaka chimenecho ana onse asanu ndi mmodzi a amayi anga tinali pakhomo, koyamba chimwalirireni abambo.

Titaweruka kutchalitchi, cha m'ma 12 koloko, ndinawasonkhanitsa onse. Malo ndinasankha ndekha: kutsogolo kwa nyumba, chifukwa tinali titangoifolera malata n'kuipaka laimu, ndipo ndinkafuna kuti anthu adzaone. Amayi tinawaikira mpando pakati, atavala bulauzi yoyera ndi duku lomwe analikokera mpaka pamphumi. Ine ndinabwerera m'mbuyo, n'kubwereranso, mpaka denga lonse litalowa. Ndinadina kamodzi. Ndinasuzumira pa kagalasi ka kumbuyo kwa kamera dzuwa likundithobwa m'maso, ndinawerenga mitu n'kupeza kuti yakwana. "Zatheka!" Anthu anabalalika kuthamangira nsima, poti ndiwo zinali zikuzizira.

Nditakatsukitsa chithunzicho ku Lilongwe mu Januwale, ndinapeza kuti ndajambula nyumba. Malata akung'anima, khoma loyera mbee, bulauzi ya amayi yooneka mpaka mabatani. Koma nkhope za abale anga zinali bii, ndipo ya amayi ndiye inatheratu: kuyambira pamphumi mpaka pachibwano mdima wokhawokha, kansonga ka mphuno kokha n'komwe kanagwira dzuwa. Achemwali anga anaseka nati, "Achimwene, mwajambula mizukwa." Inenso ndinaseka. Ndinati tidzajambula china. Paja mlendo ndi mame: achimwene anabwerera ku Joni mvula isanathe. Amayi anayamba kudwala nthawi yokolola, ndipo mu Ogasiti 2009 tinawaika m'manda. Pofunafuna chithunzi choti tikulitse, chokhacho chooneka nkhope chinali kaja ka pa chiphaso chovotera, kakang'ono ngati chikhadabo, amayi atatong'ola maso ngati wina wawaopseza.

Chomwe chimandiwawa mpaka lero n'chakuti temu yomweyo ndinali nditaphunzitsa ana kuti kuwala kumayenda molunjika. Tinaboola chitini ndi singano, kukamwa kwake n'kumatako pepala lopyapyala, ana n'kuona lawi la kandulo litazondoka papepalapo. Iwo mayeso anakhoza. Mphunzitsi wawo ndiye anakalephera pabwalo la amake.

Tsono iwe mwana wanga wa ku Lilongwe, ndi ena nonse, musanaganize za foniyo yambani mwayang'ana kumene kuli dzuwa. Kuno tili pafupifupi madigiri 14 kumwera kwa equator. Izi zikutanthauza kuti kawiri pachaka, kumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale, dzuwa la masana limaima paliwombo penipeni, ndipo miyezi ya pakatipo, kuphatikizapo Disembala amene abale amasonkhana, silipatuka kwenikweni. Kuwala kukamatsika kuchokera pamwamba chonchi, chilichonse chotulukira pankhope chimasanduka denga. Mphumi imaphimba maso, mphuno imaphimba mlomo, duku kapena chipewa chimaphimba zonse. Maso athuwa amatha kuona nkhope ili mumthunzi pomwe khoma likuwala pambali, koma kamera imalephera kugwira ziwirizo nthawi imodzi.

Nthawi yabwino ndi m'mawa isanakwane 8 koloko, kapena madzulo kuyambira cha m'ma 4 koloko, pamene kuwala kumabwera cham'mbali n'kulowa pansi pa duku. Koma madzulo kuli misampha yake. Kuno dzuwa silizengereza polowa. Mukamamvera akatswiri a ku Ulaya pa YouTube akukamba za ola lathunthu la kuwala kofewa, dziwani kuti akunena za kwawo. Kwathu kuno likangopendekera chaku Dzalanyama, mukamati mukuitana uyu wapita kudimba, uyo akusamba, mupeza kwachita kale chisisira, makamaka mu Juni ndi Julaye. Msampha wina ndi anthu enieniwo. Pofika 4 koloko pa tsiku la chikondwerero ana adzipaka kale msuzi pamalaya, alendo akuthamangira kabaza, ndipo amuna ena maso afiira kale ndi zomwe mukuzidziwa. Ine masiku ano ndimapangana nawo dzulo lake kuti tijambulana m'mawa, tisananyamuke kupita kutchalitchi. Zovala zimakhala zikadali zosita, nkhope zodzola, ndipo palibe amene wayamba kale kukangana ndi mnzake.

Zikakanika, n'kupezeka kuti mpata ndi masana omwewo, thawirani mumthunzi. Koma si mthunzi uliwonse. Wa bulugamu ndi wachabe, umadontheza dzuwa, anthu amatuluka ali mawangamawanga ngati nkhanga. Wa mtengo wa mango ndiye weniweni, wothithikana. Musawalowetse mpaka patsinde pomwe pali mdima. Aimikeni chakumapeto kwa mthunziwo, nkhope zitaloza kubwalo kowala, chifukwa bwalo losesedwa bwino limabweza kuwala kumaso kwawo kuchokera pansi. Khonde limagwiranso ntchito yomweyo. Ndipo kukacha ndi mitambo musadandaule. Kuja kumachita Dedza nyengo yozizira, kumwamba kuli mbuu, ndi tsiku lomwe nkhope zimatuluka bwino kuposa lina lililonse, bola mphepo isakhale ikutulutsa anthu misozi.

Ojambula a panjinga aja tinakula nawo anali ndi lamulo lawo. Ankazungulira m'midzi kamera ili pakhosi, filimu ya zithunzi 36, ndipo unkadikira mwezi kapena kuposa kuti filimuyo idzaze kaye asanapite nayo kutauni kokatsuka. Iwo ankati dzuwa likhale kumbuyo kwa wojambula, limenye kumaso kwa ojambulidwa. Ndimawalemekeza, poti zithunzi zochepa zomwe tili nazo za makolo anatisiyira ndi iwo. Koma tsegulani maalubamu akale muone: mtundu wonse wa anthu otsinzina, okwinya nkhope ngati akutafuna bwemba. Ine dzuwa likakhala lotsika ndimaliika cham'mbali, kapenanso kumbuyo kwa ojambulidwawo, n'kutchinga diso la kamera ndi dzanja kuti kuwala kusalowemo mwachindunji.

Apa ndiye pakubwera nkhani ya khungu lathu, yomwe malangizo ambiri a zojambula saikhudza n'komwe. Kamera siidziwa kuti inu mukufuna nkhope. Imayang'ana chithunzi chonse n'kuyesa kuti chisawale kwambiri komanso chisade kwambiri. Ikaona khoma la laimu, malata ndi malaya oyera, imati kwawalitsa, n'kuchepetsa kuwala, ndipo choyamba kumira ndi nkhope yakuda. Ndi zomwe zinawachitikira amayi. Vuto lojambula khungu lakuda ndi lakale. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 kampani ya Kodak inkapereka ku malo otsukira zithunzi khadi lokhala ndi chithunzi cha mzimayi wachizungu, lotchedwa Shirley, loti azifananizira mitundu, ndipo makhadi a amayi a makungu osiyanasiyana anadzafala m'zaka za m'ma 1990. Mu 2021 kampani ya Google inali ikulengezabe ngati nkhani yatsopano kuti foni yake ya Pixel 6 ikujambula bwino anthu akuda. Ambirife tili ndi Itel ndi Tecno, koma mankhwala ake ndi amodzi ndipo ndi aulere. Dinani pagalasi la foni pomwe pali nkhope ya munthu wakuda kwambiri pagulupo, kenako kokerani m'mwamba kachizindikiro ka dzuwa kamatuluka pambali kaja mpaka maso ake aoneke. Khoma likayera mopitirira, lisiyeni liyere. Palibe amene adzalire pofuna kuona khoma.

Chida china sichifuna ndalama: thumba loyera la feteleza lochapa bwino, nsalu yoyera yoyala pabedi, kapena, aphunzitsi anzanga, tchati cha kusukulu chotembenuza (mudzabweze Lolemba). Mwana mmodzi agwire cham'munsi kutsogolo kwa gulu, chapambali kuti asalowe m'chithunzi, dzuwa limenye pathumbapo n'kubwerera kumaso kwa agogo. Amene munkaodzera pa phunziro la reflection, ndi imeneyi. Fulashi nayo imathandiza ngakhale masana, koma pokhapokha muli pafupi, masitepe awiri kapena atatu.

Kuwala kukakhala bwino, yotsala ndi ntchito ya anthu, ndipo imeneyi ndiye yovuta kuposa. Malangizo a pa intaneti amati abale ayandikane, akhudzane, mkono paphewa la mnzake. Kayeseni zimenezo kuno kwa Achewa, mumuuze mkamwini kuti akoleke mkono paphewa la apongozi ake. Ndinachitapo zofanana nazo pa chinkhoswe china. Ndinamukankhira bambo wina pafupi ndi amayi a mkazi wake kuti atseke mpata, osadziwa ubale wawo. Munthuyo anauma ngati chitsa, maso pansi, ndipo apongoziwo anatembenukira kumbali n'kudziphimba kukamwa ndi chitenje. Zithunzi khumi zonse zinatuluka chimodzimodzi, ndipo palibe amene anandiuza cholakwika mpaka tsiku linatha. Tsopano ndimayamba ndapeza mayi mmodzi wamkulu wa pamudzipo kuti andiuze ndani ndi ndani, ndipo iyeyo ndi amene amandithandiza kuika anthu. Agogo ndi atsibweni, eni mbumba, akhale pamipando pakati. Ana awo aime kumbuyo. Akamwini chakumapeto, mkazi ndi ana atawalekanitsa ndi apongozi. Mipata imatsekeka ndi zidzukulu, ulemu osaonongeka. Amayi akasankha kukhala pamphasa kutsogolo, apempheni apindire miyendo kumbali, chifukwa akaiwongola kuloza kamera mapazi amatuluka aakulu kuposa mitu.

Palinso nkhani ya woti alowe ndi woti asalowe. Pabanja pamakhala mwana wobadwira kwina, mkazi wachiwiri, mlamu amene ukwati wake uli m'manja mwa ankhoswe. Wojambula musaweruze mlandu umenewo, si wanu. Yambani ndi chithunzi cha aliyense amene ali pabwalo, ngakhale mwana wa aneba amene wangobwera kudzaonerera. Kenako muziti, "Tsopano agogo ndi ana awo obereka okha," kenako agogo ndi zidzukulu, kenako khomo ndi khomo. Mukatero palibe amene angadandaule kuti wachotsedwa, aliyense akungodikira nthawi yake.

Zing'onozing'ono ndingozitchula mothamanga. Pukutani diso la kamera ndi nsalu yofewa, poti foni imagona m'thumba limodzi ndi mtedza. Musakoke anthu ndi zala pagalasi, yendani ndi miyendo mufike pafupi kuti nkhope zidzaze chithunzi. Kanambala ka 0.5 kaja kasiyeni, kamatambasula anthu a kumapeto. Gwadani pang'ono kuti kamera ifanane ndi maso a okhala pampando. Ndipo musanadine yang'anani kumbuyo kwawo: chimbudzi, chingwe cha zovala, mtengo womera pamutu pa atsibweni.

Koma pa za kumbuyozi ndili ndi maganizo anga omwe ena amatsutsa. Anthu amakonda kuthawa kwawo pojambulitsa. Amafuna kutsamira galimoto ya mlendo, kapena kukaima pakhomo la sitolo yopaka penti pa Kabwazi pompa. Ine ndimati imani pomwe mumakhala. Nkhokwe ilowe pang'ono, mtondo ulowe, phiri lionekere patali. Nkhokwe zikutha m'midzi muno, chimanga anthu akusunga m'matumba m'nyumba, ndipo ana a ana athu adzafunsa kuti chinthu chozungulira chija chinali chiyani. Chongosamala n'chakuti nyumba isalande anthu malo monga ndinachitira ine. Achotseni pakhoma masitepe anayi kapena asanu, inu n'kuwayandikira.

Za kumwetulira musakakamize akuluakulu. Kwa iwo kujambulitsa ndi mwambo, ngati kuima pamaso pa amfumu, ndipo nkhope yaulemu ija ndi yawo ndithu. Jambulani imeneyo kaye. Mukatero musatsitse foni. Ine ndimati, "Agogo, tatchulani zidzukulu zanuzi mayina, kuyambira wamkulu." Safika pa wachisanu asanasokoneze, wina amakuwa kuti, "Agogo, ine si ameneyo!" Bwalo lonse limaphulika ndi phwete, ine n'kumangodina, kudina, kudina. Masiku a filimu chithunzi chilichonse chinali ndalama, koma lero kudina ka 20 n'chimodzimodzi kudina kamodzi, ndipo pagulu la anthu 15 sipalephera wina wophethira. Mukatha, anthu asanabalalike, lowani mumthunzi, kulitsani chithunzicho ndi zala, muone nkhope imodziimodzi. Ndikanachita chimenechi chokha mu 2008, kwa masekondi 30, bwenzi nkhani ino kulibe.

Gulu likatha, mutengeni wamkulu aliyense payekha, kuyambira pachifuwa kupita kumutu, ali pakhonde kapena pakhomo la nyumba. Amakana, amati, "Ndakalamba ine, jambulani anawa." Umirirani mwaulemu. Ndipo inunso wojambula lowanimo. Zondotsani mtondo, sanjikizanipo njerwa, tsamiritsani foni, itchereni masekondi 10, thamangani. M'chithunzi cha 2008 chija ine mulibe.

Kenako katsukitseni. Chithunzi cha mufoni chimapita limodzi ndi foniyo ikagwera m'chitsime kapena ikabedwa pa tsiku la msika. WhatsApp nayo imafinya zithunzi, pokhapokha mutazitumiza ngati document. Sankhani zitatu kapena zinayi, mupite nazo ku Dedza boma kapena ku Lilongwe, ndipo kumbuyo kwake mulembe ndi pensulo tsiku, mudzi, ndi mayina a onse kuyambira kumanzere, mfunda ndi ubale womwe.

Chaka chatha mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa, pano ali ku yunivesite, anamva nkhani ya chithunzi cha amayi nati, "Aphunzitsi, nditumizireni, masiku ano zimakonzeka zimenezo." Anachilowetsa mu pulogalamu ina ya mufoni yomwe imawalitsa ndi kukonza nkhope pa zithunzi zakale. Patangotha mphindi zochepa chinabwera. Pansi pa duku paja panalidi nkhope, maso owala, khungu losalala, mayi wokongola ndithu. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali, mtima ukufuna kuvomera. Koma pulogalamuyo siinapeze nkhope mumdima muja, poti munalibe choti ipeze. Inangopeka ina kuchokera pa nkhope za anthu ena zomwe inaphunzirapo. Ndinapita nacho kwa achemwali anga osawauza kanthu. Anachiyandikiza kumaso, n'kuchitalikitsa, kenako n'kundibwezera foni.

"Bulauziyo ndi ya amayi," anatero. "Koma awa ndani? Mphini zawo zili kuti?"

Ndinachifufuta madzulo omwewo. Chakuda chija chikadali pakhoma pabalaza panga. Atsibweni, mlongo wawo wa amayi, ndi okhawo atsala pa m'badwo umenewo, ndipo anthu amati mphumi ndi maso n'za amayi zenizeni. Ndapangana nawo Lamulungu likubwerali, 7 koloko m'mawa, pansi pa mtengo wa mango wa pabwalo pawo. Anditumizira mdzukulu kudzanena kuti jekete achapitsa kale, koma chipewa savula. Thumba la feteleza ndachapa, lili pachingwe.